Tiyi wa Jailosi

Makina athu oonetsera matepi akatentha ankanunkha fumbi lopsa, ndipo fungo limenelo likasakanikirana ndi chinyontho cha makoma a fulati yathu ku Thamesmead, ndinkadziwa kuti za sukulu zatha. Ndinali ndi zaka khumi nyengo yozizira imeneyo, zaka za m'ma 1980 zitangoyamba kumene. Dzuwa linkalowa tisanaweruke bwinobwino. Pochokera pa basi ndinkadutsa m'makonde aatali a simenti olumikiza nyumba ndi nyumba, mapazi anga akumveka kawiri ngati wina akunditsatira. Kumunsi kunali dziwe lokumba anthu, madzi ake akuda bii, ndipo mphepo yochokera kumtsinje inkalira m'mipata ya nyumba tsiku lonse osapuma.

Bambo anali mphunzitsi kwathu ku Malawi, mpaka tsiku limene wina anawatsina khutu kuti dzina lawo lamveka kumene dzina la munthu siliyenera kumveka. Tinathawa ine ndili kumsana, ndipo ku London bambo anathera m'galaja ya mabasi, kumene ankabwerako manja ali bii ndi oyilo. Amayi ankagwira ntchito pachipatala china ku Lewisham, kusambitsa odwala ndi kuyala mabedi. Ankanyamuka kusanache, motero ine pobwera kusukulu ndinkawapeza atafika kale, atavula nsapato, atamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu. M'nyumba mwathu makatani sankatsegulidwa onse, ndipo munthu wachilendo akafunsa kuti kwanu n'kuti, ndinaphunzitsidwa kuyankha kuti ku Africa, basi, n'kudutsa. Nthawi zina foni inkalira, ukanyamula n'kungomva munthu akupuma. Chichewa ndinkachimva chonse, ngakhale chonong'ona, koma ndinkayankha m'Chingerezi, ndipo makutu anga anakokedwa kosawerengeka pa chifukwa chimenechi.

Nyengo imeneyo inayamba ndi uthenga wa maliro. Lamlungu lina kunabwera mnyamata wophunzira ku yunivesite, wongofika kumene kuchokera kumudzi. Anakhala pansonga pa mpando osavula jasi, n'kunena chapansipansi kuti malume Lameki, mlongo wawo wa amayi, anamwalirira m'ndende. Tsiku limene anamwalira sankalidziwa, ngakhale malo amene anaikidwa. Malumewo ine sindinawaonepo ndi maso, ndinkangowadziwa pa chithunzi chimene chinali pamwamba pa kabati, atanyamula gitala, akuseka ndi mano onse. Anthu akwathu anabwera kuchokera ku Lewisham ndi ku Wembley, azimayi n'kukhala pansi pa kapeti, n'kumaimba nyimbo za maliro mosakweza poopa azungu oyandikana nafe. Amayi sanagwetse msozi. Anangosiya kugona, mpaka dokotala anawapatsa mapiritsi ogonetsa m'kabotolo kofiirira, kamene kankakhala kuseri kwa chitini cha masamba a tiyi.

Munthu amene anapereka malume ndinamudziwa chifukwa cha makutu anga aatali omwewo. Dzina lake linali Jailosi, woimba, ndipo panthawiyo kunalibe Mmalawi wosamudziwa. Wailesi ya kumudzi inkadzuka naye n'kugona naye. Akuti azimayi ankayala zitenje kuti apondepo, ndipo ngakhale kuno, paukwati kapena pa Khirisimasi, anthu othawa boma omwewo ankavina zimbale zake thukuta lili kamukamu. Iye ndi malume anayambira limodzi gulu loimba, malume akupeka nyimbo, iye akuimba. Nyimbo ina itamveka ngati ikunyoza akuluakulu, anaitanidwa onse awiri, koma anabwerako mmodzi. Wobwerakoyo anapitiriza kuimba nyimbo za mnzake ngati zake, n'kuwonjezerapo zina zotamanda. Chimbale chake chinalimo m'nyumba mwathu, pansi pa sutikesi, nkhope itayang'ana pansi.

Matepi anabwera maliro atatha. Pakhomo loyandikana ndi lathu pankakhala Mai Harumi, mayi wa ku Japan wokwatiwa ndi mzungu wogwira ntchito m'sitima zapamadzi. Iwo ndi amayi ankagwirizana modabwitsa, ngakhale Chingerezi cha onse awiri chinali chongogwirizira. Akakumana pakhonde ankaweramirana, uyu kuwerama uyu kuwerama, mpaka ine kutopa n'kudikira. Amuna awo atamwalira anaganiza zobwerera kwawo, ndipo potsanzika anatisiyira katoni ya matepi amene mng'ono wawo ankawajambulira pa kanema wa ku Japan, ndi kambale kakang'ono kabuluu kokhala ndi chivundikiro chake. Matepiwo anali sewero limodzi lalitali, loonetsedwa pang'onopang'ono mlungu ndi mlungu. Pamsana pake panali zilembo zimene sitikanatha kuwerenga, koma manambala okha anatithandiza kudziwa yoyamba ndi yotsatira.

Vuto linali lakuti matepi a ku Japan sagwirizana ndi makina a ku England. Mitundu yonse inathawa, kunatsala zoyera, zakuda ndi zotuwa. Chithunzi chinkatsetsereka kupita m'mwamba, mutu wa munthu n'kutulukira pansi pa mapazi ake, kenako n'kuima kanthawi, nkhope itatalika ngati ya munthu wodziyang'anira m'supuni. Mawu ankatuluka okoka ndi abesi, moti akazi ankalankhula ngati amuna, ndipo munthu akaseka thupi langa linkachita tsembwe. Bambo anayang'ana kamodzi n'kunena kuti zimenezi ndi zoonera afiti. Tsiku lotsatira ndinapeza amayi atakhala pansi patsogolo pa kanema, magetsi osayatsa, kuwala kotuwa kuja kukuvina pankhope pawo.

"Khala apa, Tiya, ndikumasulire," anatero osatembenuka.

Chijapani chonse chimene amayi ankadziwa chinali moni ndi zikomo, koma ine ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti Mai Harumi anawaphunzitsa pakhonde paja. Ndikanakayika bwanji? Munthu wa m'kanema akangotsegula pakamwa, amayi anali atayamba kale, osadodoma, mawu akusintha malinga ndi wolankhula. Kuyambira tsiku limenelo ndinkathamanga pochokera pa basi, kumwa mkaka wanga choimirira, n'kudzadzipanikiza pambali pawo pansi pa bulangete limodzi. Tinkazimitsa tikangomva kiyi wa bambo pachitseko. Matepiwo ndinkawaopa, komabe ndinkawakonda, chifukwa chiyambire maliro aja amayi sankalankhula nane zambiri kupatula nthawi imeneyi.

Sewerolo linali la woimba wina wotchuka kwambiri, wa jekete lonyezimira, amene akatuluka m'galimoto atsikana ankakuwa mpaka ena kukomoka, ojambula zithunzi akumuthwanimitsira magetsi kumaso. Kunyumba kwake kunali mtsikana wantchito, wochepa thupi, wosakweza maso. Ankagwada potsegula chitseko, kugwada popereka tiyi, kugwada potuluka, ndipo amayi ankagwedeza mutu n'kumati anthu awa analeredwa ngati ife. Koma akalowa m'kachipinda kake, mtsikanayo ankatulutsa chithunzi cha mnyamata wina, kuchiyatsira kamtengo kofuka utsi, n'kumalankhula nacho nthawi yaitali ndi mawu abesi aja. Amayi anati mnyamatayo anali mlongo wake, amene woimbayo anamuponda kuti akwere, ndipo mtsikanayo anasintha dzina n'kudzalowa ntchito m'nyumbamo kuti abwezere. Pamenepo mwina sananame, chifukwa zinkaoneka ndi maso. Tepi ndi tepi zinthu zinkamuipira woimbayo. Mkazi wake anachoka ndi masutikesi, manyuzipepala anamulemba zochititsa manyazi, mipando ya mu holo inayamba kutsala yopanda anthu. Iye ankakayikira aliyense kupatula mtsikana womugwadirayo, ndipo akalandira kapu ankamuthokoza.

Sindikumbuka kuti kumasulira kunayamba liti kupotoka. Poyamba anali malo chabe: mtsikana wa ku Japan uja anayamba kukumbuka msika wa ku Limbe ndi mango a pabwalo la sukulu ya mishoni. Ndinaseka, amayi n'kundigwira bondo kuti ndikhale chete. Kenako tsiku lina, mtsikanayo atagwada pamaso pa chithunzi chake, ndinamva akuti, "Lameki, mlongo wanga, anakufotsera kuti? Anakufunditsa chiyani?" Ndinayang'ana amayi. Maso awo anali pa kanema, osaphethira, ndipo sanazindikire dzina limene linatuluka m'kamwa mwawo. Nditabwezera maso pa kanema ndinaona kuti milomo ya mtsikana uja inali itatseka kalekale, iye atangoti ndwii kutiyang'ana, koma amayi ankamasulirabe.

Kuyambira pamenepo njira yochokera pa basi inatalika. Fulati ya Mai Harumi inali idakali yopanda munthu, mazenera ake atamatidwa manyuzipepala, ndipo podutsa ndinkayang'ana kumbali. Ndikafika pakhomo pathu ndinkaima kaye n'kutchera khutu pa kabowo koponyera makalata. Mawu abesi aja ankamveka kale, ndipo pamwamba pake mawu a amayi, akumasulira m'chipinda mopanda womvera. Kusukulu anzanga ankakangana za oimba a pa kanema wa kuno, kudula zithunzi zawo m'magazini n'kumata m'madesiki. Ine ndikayang'ana nkhope zosekererazo ndinkadzifunsa kuti aliyense wa iwo anaponda yani, nanga ndani akumuphikira tiyi. Mphunzitsi anandifunsa ngati kunyumba kuli bwino, ndipo ndinayankha kuti kuli bwino, monga ndinaphunzitsidwira.

Tepi yomaliza m'katoni muja sinali mapeto a sewero. Mwina mng'ono wawo wa Mai Harumi anasiya kutumiza atamva kuti akubwerera. Inathera pamene mtsikanayo anaima yekha m'khitchini, n'kutulutsa kapepala kopinda m'lamba wa chovala chake, n'kuthira ufa woyera m'kapu. Ananyamula thireyi, kuyenda m'kanjira kakatali ka m'nyumba, pang'onopang'ono monga makina athu ankayendetsera aliyense, kugwada pachitseko cha bwana wake, n'kutambasula dzanja. Pamenepo chithunzi chinkasanduka mchenga wothwanima, ndi mkokomo wonga mvula ya pamalata. Amayi ankabweza tepiyo n'kuyambanso, tsiku ndi tsiku, ndipo ulendo uliwonse mtsikanayo ankanena zina poyenda ndi thireyiyo. Tsiku lina ankapemphera, tsiku lina ankatukwana mawu amene sindinkadziwa kuti amayi amawadziwa.

"Mummy, did he drink it?" ndinafunsa tsiku lina, pofuna kudziwa ngati bwanayo anamwa.

"Akanira chiyani?" anatero. "Wamupatsa chogwada."

Ndiye kunamveka kuti Jailosi ali mu London. Anabwera kudzajambula chimbale, ndipo Loweruka ankakaimba mu holo ina ku Wembley. Foni yathu, imene inkangopumira, inayamba kulira ndi anthu enieni, uyu akufunsa ngati tipita, uyu akulumbira kuti sangapondeko phazi, n'kumaliza ndi kufunsa nthawi yoyambira. Ife za kupita sitinkaziganiza n'komwe. Koma Lachisanu bambo anabwera ndi uthenga wina: Jailosi anatuma munthu ku galaja, akupempha kuti Lamlungu masana adzapepese maliro a mnzake.

Ndinamvera kuseri kwa chitseko. Bambo ankati munthu ameneyu watumidwa kudzaona mmene tikukhalira ndi amene amatiyendera, choncho tingonena kuti tachokapo. Ndinkayembekezera kuti amayi akalipa. M'malo mwake analankhula mofatsa kuposa masiku onse. "Bambo a Tiya, munamva kuti wopepesa maliro amabwezedwa pakhomo? Anthu atiyesa chiyani? Muuzeni abwere. Sande ndili off, ndimulandira ndekha." Bambo anagonja, chifukwa mwambowo ankaudziwa bwino. Ngakhale mdani wako akabwera ndi chipepeso umamupatsa pokhala ndi chakumwa.

Loweruka madzulo, anzathu akuvina ku Wembley, bambo ali kuntchito, amayi anakolopa nyumba yonse, kupukuta chithunzi cha malume, n'kutsitsa kapu ya mkombero wagolide imene inkatuluka abusa okha akabwera. Pakati pa khitchini ndi chipinda chochezera panali kazenera kopatsirana mbale. Ndinasuzumira pamenepo nditamva kaphokoso kachilendo, ngati khoswe akukukuta thabwa. Amayi anali atakhuthula kabotolo kofiirira kaja pa mbale yadothi, n'kumapera mapiritsi ndi msana wa supuni. Ankachita modekha, milomo ikuyenda popanda mawu. Atamaliza anakokolera ufawo m'kambale kabuluu ka Mai Harumi, kuvundikira, n'kukaika pafupi ndi shuga.

Ndinalowa m'bafa n'kukhala pansi. Za Jailosi ndinalibe nazo ntchito, akanagwera mumtsinje sindikanamulira. Chimene ndinkaona chinali apolisi akukwera makwerero athu, amayi akutuluka atawagwira mkono, ndipo pambuyo pake chithunzi chachiwiri pamwamba pa kabati. Munthu akatengedwa sabwerera, ndi zokhazo zimene ndinkadziwa za ndende. Ndinaganiza zouza bambo, koma kuwauza kunali kupereka amayi, ndipo m'nyumba mwathu munalibe tchimo loposa kupereka m'bale wako. Ndinaganiza zodzuka m'mamawa n'kutaya ufawo, koma ndinapeza kambale kaja palibe pamalo pake. Tili kutchalitchi ndinakaona katatukumula thumba la jasi la amayi.

Anafika masana, chifunga chitakuta nyumba zonse. Ndinkayembekezera chimunthu chachikulu, koma pakhomo panaima bambo wamfupi, wadazi, m'chijasi chaubweya chofika m'akakolo, akununkhira mafuta mpaka kuphimba fungo lathu la chinyontho. Anyamata awiri amene anamuperekeza anatsala pakhonde, akusuta. Anavula chipewa, kugwira dzanja la bambo ndi manja awiri, n'kukhala moyang'anizana ndi chithunzi cha malume. Amayi anagwada chapatali n'kumupatsa moni, maso ali pansi. Mawu ake anali okoma zedi, ngakhale polankhula chabe, ndipo zinandinyansa kuti makutu anga ankafuna kumvabe.

"Achemwali, pepani," anatero. "Aphunzitsi, pepani. Lameki anali ngati wobadwa naye bere limodzi. Zinthu zinavuta, inu mukudziwa mmene kulili kwathu." Anatulutsa mpango n'kupukuta m'maso, ndipo misoziyo inali yeniyeni, ndinaiona. Kenako, ngati munthu wosadziwa chimene akuchita, anayamba kuimba kanyimbo kena chapakhosi, osatsegula pakamwa, akuyang'ana chithunzi chija. Bambo anazolika. Amayi anadzuka n'kunena kuti, "Ndikonze tiyi." Analowa m'khitchini n'kutseka chitseko, ndi kazenera komwe.

Ketulo inalira n'kusiya. Pambuyo pake kunangoti zii kwa nthawi yaitali, moti bambo anayamba kufunsa mlendo za mvula ya kumudzi. Ine ndinatchera khutu kuti ndimve chivundikiro cha kambale kaja, koma mtima wanga unkagunda kwambiri moti sindikanamva kanthu. Chitseko chitatseguka amayi anatulukira ndi thireyi, akuyenda pang'onopang'ono, nkhope yosaonetsa chilichonse, ndipo mayendedwe amenewo ndinawazindikira. Tiyi anali atathiridwa kale m'makapu, chinthu chimene amayi sankachita, popeza masiku onse ankabweretsa tipoti kuti mlendo adzithirire yekha. Anagwada, n'kunyamula kapu ya mkombero wagolide ndi manja awiri. Jailosi anatambasula dzanja lake lodzaza mphete.

Zoigwetsa kapuyo sizinandibwerere m'mutu n'komwe, ndipo mpaka lero ndimadziseka: mwana wa amayi anga sakanataya tiyi wa mlendo pa kapeti. Chimene chinandibwerera chinali chakuti tiyiyo akalowa mwa ine sakalowa mwa iye, ndipo palibe wapolisi angamange mayi chifukwa cha mwana wake wosusuka. Ndinadumpha, kulanda kapuyo pakati pa manja a anthu awiriwo, n'kugugudiza. Anali wotentha moti lilime linapsa nthawi yomweyo, ndipo ngati munali kuwawa kwina, motowo unakuphimba. Ndinamwa kufika theka. Kenako amayi anakuwa. Sindinamvepo munthu akukuwa chotero, kale kapena pambuyo pake. Kunali kulira kuja kumene sanalire pamaliro, kukutuluka konse nthawi imodzi. Anamenya kapu ija n'kukasweka kukhoma.

"Tiyamike! Lavula! Lavula, mwana iwe!"

Anandikokera kubafa, kundimwetsa madzi amchere, kundipisa zala kukhosi mpaka ndinasanza zonse, ndi za m'mawa zomwe. Chitseko chinali chotsegula, ndipo ndili chiweramire ndinamva bambo akupepesa kuti ana okulira kuno alibe mwambo. Nditadzutsa mutu ndinaona Jailosi pagalasi, ataima pakati pa chipinda, akuyang'ana tiyi akutsika pakhoma. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana msana wa amayi. Nkhope yake inali itatuwa ngati za anthu a m'matepi athu. Anatola chipewa chake n'kutuluka osatsanzika, ndipo ndinamva nsapato zake zikufulumira m'khonde lonse mpaka kumakwerero.

Amayi anandiveka jasi, osayankha mafunso a bambo, n'kutsika nane ku siteji ya basi yopita kuchipatala. Kunali kutayamba mdima, nyali za mumsewu zikuoneka zachikasu m'chifunga. Anandigwira pamkono ndi zala ziwiri monga ankachitira ndi odwala, kunditsegula zikope, kundifunsa dzina la mphunzitsi wanga ndi la msewu wathu. Basi itafika anaponda phazi limodzi pakhomo pake, kundiyang'ananso m'maso, n'kulibweza phazilo, poti kuchipatala akanafunsidwa chimene ndinamwa. Dalaivala anatukwana n'kupita. Inabwera ina, anachita chimodzimodzi. Podikira ankandiyendetsa uku ndi uku, kundiimbitsa nyimbo za Sande sukulu kuti ndisawodzere, ine lilime likuwawa, ndikuimba molira. Tulo sitinabwere. Mano anga atayamba kugwedera ndi kuzizira anandikumbatira mwamphamvu mpaka nthiti kuwawa, ndipo tinakwera kubwerera kunyumba.

M'mawa mwake katoni ya matepi inali itapita ku zinyalala, kambale kabuluu sikanaonekenso, ndipo bambo anapaka penti pakhoma paja osafunsa kanthu pamaso panga. Jailosi anabwerera kumudzi n'kupitiriza kutchuka. Palibe wapolisi anabwera. Koma masana athu aja anatha. Pobwera kusukulu ndinkapeza magetsi onse oyaka, amayi akusita kapena akusenda mbatata, ndipo ndikawayang'ana ankathawitsa maso. Nthawi yonse yotsala ya kuzizira sanandilole kumwa chilichonse chimene sanayambe alawa okha, ngakhale madzi a pampopi. Ine ndinkati andikwiyira chifukwa ndinawasokoneza, ndipo ndinkanyada chamumtima, kwinaku ndikuopa, kuti ndinamwa poizoni n'kupulumuka.

Ndinadzafunsa nditakhala mayi inenso, tsiku limene tinamva kuti Jailosi wamwalira ndipo wailesi ya kumudzi ikungoimba nyimbo zake. Bambo anali atatisiya kale, ndipo amayi ankakhala ndi ine ku Lewisham, imvi zili mbuu. Tinali awiri m'khitchini. Ndinafunsa mosazungulira, m'Chichewa, kuti munali chiyani m'kapu muja.

"Sindidziwa, mwanawe," anatero. "Ndikukumbuka nditatsegula kambale, supuni ili m'manja, ketulo ikulira. Kenako ndikukumbuka ndili chogwada. Zapakatipo palibe. Titabwerako ku basi kuja ndinakatenga kuti ndione ngati ufa wachepa, koma ndinalephera kuvundukula. Ndinakataya pamodzi ndi matepi osatsegula."

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti amayi akudziwa bwino chimene anachita, ndipo akungondibisira monga akuluakulu abisira ana. Ndinkaganiza kuti tsiku limenelo ndinawapulumutsa, nkhani n'kuthera pomwepo. Tsopano ndapitirira msinkhu umene iwo anali nawo, ndipo ndikuona kuti kwa iwo sinathe. Anandilera, kundiperekeza ku ukwati, kubereka ana anga kumsana, zaka zonsezo osadziwa ngati dzanja lawo linathira kanthu m'tiyi amene mwana wawo anamwa, ndipo analibe woti amufunse. Ndinawagwira dzanja n'kuwauza kuti amene analawa ndine, ndipo munali shuga yekhayekha. Lilime langa tsiku lija linali litapsa, sindinamve kukoma kulikonse, ndipo ndikhulupirira kuti amayi, amene analipaka uchi mlungu wonse, ankadziwa zimenezo. Anandiyang'ana, kugwedeza mutu ngati avomera, ndipo sitinaikambenso.